Salaula ya magiya

Kuno ku Chipata njinga yamoto iliyonse ndi honda. Pa thanki pangalembedwe Boxer, TVS, kapena dzina la ku China limene lilime likana kuchula, koma mayi amene afuna kufika msanga ku Kapata ndi dengu lake la tomato amangoti, "Niitanileni honda." Timaseka nazo, koma dzinali lili ndi kumene linacokela. Mu 1975 kampani ya Honda ya ku Japan inatulutsa njinga yochedwa CG125, yopangidwila maiko monga athu ano, kumene fumbi ndi lambili, katundu ndi wolemela, ndipo oilo amasinthidwa tsiku limene ndalama yapezeka. Injini yake inali yosavuta kuimvetsa komanso yopilila. Mu 1976 anayamba kuipanga ku Brazil, ku Pakistan ikali kupangidwa mpaka lelo, ndipo mafakitale ambili a ku China anatengela kapangidwe kake n'kuyamba kutulutsa zawo.

Mukagwada pambali pa njinga zambili za ku China n'kupukuta matope m'munsi mwa injini kumanzele, mudzaona zilembo monga 156FMI. Zili ndi tanthauzo. 1 ndi silinda imodzi, 56 ndi kukula kwa silindayo m'mamilimita, F ikamba kuti injini imazizila ndi mphepo, M kuti ndi ya njinga yamoto, ndipo I kuti ndi ya 125cc. Za magiya amene ali mkati, zilembozi sizikambako kanthu.

Apa ndiye pali msampha. Kunja injini izi zimafanana monga ana a mimba imodzi, mabauti pamalo amodzi, kiki mbali imodzi, kulila kwake kumodzi. Koma fakitale iliyonse imasintha tinthu tamkati mmene yafunila, ndipo ngakhale fakitale imodzimodzi imasintha caka ndi caka popanda kulengeza. A Phiri a ku Katete ndi a Phiri a ku Lundazi angalonjelane monga abale, koma nsapato za uyu sizilowa kwa uyo. Ngakhale Boxer ndi HLX za ku India, zimene zili ndi maina omveka bwino, ziliko za magiya 4 ndipo ziliko za magiya 5. Munthu wopita kukagula sipeya atangonyamula dzina la pa thanki wanyamula ciwongo cabe.

Ife izi tinaziphunzila pa njinga yathu. Tili kagulu ka anthu odzipeleka pa wailesi ina ya m'dela lino, ndipo tonse tili ndi honda imodzi ya ku China imene tinaipeza itakalamba kale. Ndiyo imatinyamula ndi makina ojambulila mau kupita ku magulu omvela wailesi a ku Kasenengwa, ku Chipangali, nthawi zina mpaka ku mapili a ku Vubwi. Ikaima, pulogilamu siima, koma imasintha nkhope. Mau amene amamveka amakhala a anthu a m'tauni amene ali ndi ndalama ya foni komanso netiweki yabwino. Agogo amene afuna kufunsa cifukwa cake feteleza wacedwa, kapena amai a m'kalabu amene ali ndi zokamba pa mtengo wa nshawa ndi soya, amangosowa pa mphepo, ndipo palibe amene amaona kuti asowa.

Vuto linayamba pang'onopang'ono. Giya yaciwili inali kulowa bwino, koma pokwela citunda, makamaka tili awili, inali kutuluka yokha. Injini ikuwa, njinga itaya mphamvu, wokhala kumbuyo agunda cisoti cake pa ca mnzake. Mwezi wa January, pa mseu wa matope, giya yaciwili ndiyo nchito yonse. Yoyamba imazungulitsa wilo pamalo amodzi, yacitatu imazimitsa injini. Ndipo Nc'wala inali kubwela kumapeto kwa February, pamene tifunika kuyenda pakati pa tauni ndi Mtenguleni kangapo pa tsiku.

Kuti mumve bwino zimene zinatsatila, tiyeni titsegule giyabokosi ndi mau. Mkati muli mashafuti awili ogona moyandikana. Imodzi imalandila mphamvu kucokela ku kilachi, inayo imapeleka mphamvuyo ku sipoketi yaing'ono imene imakoka cheni. Pa shafuti iliyonse pali magiya asanu, ndipo mano a giya iliyonse amakhala olumana ndi a inzake ya pa shafuti inayo nthawi zonse, olo muli pa nyutulo. Ambili timaganiza kuti tikaponda giya, mano amacoka apa n'kukalowa apo. Sizili conco. Magiya ena amangozungulila okha pa shafuti osakoka kanthu, mpaka giya yoyandikana nayo itatsetseleka n'kuigwila ndi tizikhadabo tam'mbali timene timalowa m'timaenje. Amakanika amati madogi, agalu, kaamba ka kuluma kwake. Cimene cimatsetseletsa giyayo ndi foloko, ndipo foloko imatsatila mizele yokhotakhota ya pa dilamu, citsulo cobulungila cimene cimatembenuka pang'ono nthawi iliyonse phazi likaponda. Madogi akadyeka m'makona n'kukhala obulungila, giya imalowa ndithu, koma ikamva kulemela imatelela n'kubwelela kunja. Foloko imayesa kuigwila, nayonso imatentha, imasanduka ya buluu, pothela pake imapindika.

Ndi zimene amdala athu okonza njinga anapeza atatsitsa injini n'kuigawa pakati. Anayala zitsulo zonse pa katoni motsatana mmene zinatulukila, washa pambuyo pa giya yake, palibe cosokonezeka. Anatenga giya imodzi n'kutipatsa.

"Gwilani apa, imwe a wailesi. Mwamva kona?"

"Palibe kona, amdala."

"Ndiye matenda anu amenewo."

Panali njila zitatu. Yoyamba, kuitanitsa magiya onse atsopano ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 500, n'kuyembekezela kuti cimene cidzatsike pa basi cidzakhala ca mtundu wathu, pakuti wogulitsa kumeneko naye amangofunsa dzina la pa thanki. Mtengo wake unali woposa zimene tinali nazo m'thumba la kagulu. Yaciwili, kugula injini yathunthu yakale n'kuikapo. Iyi imakopa anthu ambili cifukwa ndi yamsanga, koma nambala ya injini imadindidwa pa buloko, ndipo ndiyo yolembedwa mu white book ya ku RTSA. Ukasintha buloko wasintha nambala, ndipo pa lodibuloko udzafunika kufotokoza zambili. Yacitatu inali salaula: kusunga buloko yathu n'kusakila zamkati mwa injini zina zimene zinafa ndi matenda ena.

Salaula ya zitsulo mu Chipata ilibe cikwangwani. Ili m'zidebe za penti pansi pa mabenchi a amakanika, m'masaka kuseli kwa tumashopu ca ku Down Shops, m'makomboni monga Mchini ndi Nabvutika kumene munthu amasunga injini yakufa pansi pa bedi poyembekezela tsiku lake. Si cinthu catsopano kwa ife. Tauni ino inali ndi fakitale ya njinga zopalasa ya Luangwa Industries, ndipo atate athu anakula akusakaniza felemu ya uku, habu ya uko, sipoko za kwina. Koma njinga yopalasa ikakana sipeya imakuuza pomwepo, maso ako akuona. Giyabokosi imakuuza utatseka kale, uli pa liwilo. Ndipo dzino la giya likathyoka n'kupanikizika pakati pa anzake, wilo ya kumbuyo imauma nthawi yomweyo. Kugwila kilachi sikuthandiza, cifukwa colakwikaco cili kutsogolo kwa kilachi, kumbali ya wilo. Acinyamata amene munyamula anthu pa Great East Road pakati pa mathilaki opita ku Mwami, ici cokha cisungeni.

Injini yoyamba imene tinapeza inali yofanana ndi yathu kunja konse. Amdala sanaitsegule n'komwe. Anazungulitsa shafuti ndi dzanja, uku akuponda magiya ndi sipana, n'kuwelenga: imodzi, ziwili, zitatu, zinai, basi. Ya magiya 4. Dilamu yake ina, mafoloko ake ena, kutalika kwa magiya kwina. Tinaibweza.

Kwina mnyamata wina anatitulutsila giya imodzi m'cidebe, yoyela bwino, madogi ake akuthwa. Anati ndi yaciwili ya honda ngati yathu, ndipo sananame. Pa shafuti yathu inalowa bwinobwino, ndipo mtengo wake unali wocepa kwambili cakuti mitima yathu inali itagula kale. Amdala anatulutsa coko m'thumba, anaika cizindikilo pa dzino limodzi, n'kuyamba kuwelenga mozungulila. Mano 31. Anatenga yathu yodyeka ija. Mano 32.

Dzino limodzi lokha. Koma taonani masamu ake. Giya yathu yaciwili inali ya mano 17 pa shafuti ya kilachi ndi 32 pa shafuti ya sipoketi. Pamodzi 49. Mtunda wa pakati pa mashafuti awili susintha, unaikidwa kale ndi maenje a mu buloko, conco opanga akafuna kusintha mphamvu ya giya amacotsa dzino uku n'kuwonjezela uko. Giya ya mano 31 ija inabadwa ndi inzake ya mano 18, pamodzi 49 yomweyo. Ukaiphatikiza ndi 17 yathu, pamakhala mpata: imazungulila, koma ndi kulila, ndipo mano amadyana nsonga mpaka tsiku limene lina lidzagonja. Ukacita mosinthanitsa, 18 ndi 32, zimathinana. Magiya amayenda awiliawili, ndipo amasinthidwa awiliawili.

Nkhani sithela pamenepo. Madogi amene amagwila giya yaciwili ali pa giya ina yoyandikana nayo, ndipo kwa ife nayonso inali itadyeka. Giya imeneyo ili ndi inzake pa shafuti inayo, yofunika kugwilizana nayo mano. Ili ndi mpata wa foloko, wofunika kugwilizana ndi kunenepa kwa foloko. Foloko ili ndi kamutu kofunika kugwilizana ndi mzele wa pa dilamu. Komanso madogi enieniwo amasiyana: kwina atatu, kwina anai, kwina obulungila, kwina a makona. Ukakoka cimodzi cimakoka cinzake monga mizu ya kapinga. Ndiye cifukwa cake amakanika odziwa amakonda kutenga banja lonse kucokela mu injini imodzi, mashafuti onse awili ndi magiya ake, mafoloko ndi dilamu, kusiyana ndi kutola giya imodzi uku ina uko. Zimadula kuposa giya imodzi, inde. Koma zitsulo zimenezo zinadyana kale n'kuzolowelana.

Banja lotelo tinalipeza ca ku Chiparamba, pa njinga imene inagundana ndi ngolo. Felemu inapindika, mwini wake anapulumuka ndi mabala ocepa, injini inakhala yamoyo. Imeneyi ndiyo imfa yabwino kwa wofuna magiya. Injini imene inafa ndi kusweka kwa zamkati njokayikitsa, cifukwa pa njinga izi injini, kilachi ndi giyabokosi zimasamba oilo mmodzi, ndipo tizidutswa ta citsulo timayenda ponseponse.

Tisanakambe za mtengo tinapempha kuona white book, ndipo mwini wake anaitulutsa mosavuta. Ena angati tinacita mopitilila, pakuti tinali kugula magiya cabe. Koma ife ndife amene timawelenga zilengezo za honda zobedwa pa wailesi, nthawi zina mwini wake ali m'cipatala. Njinga yobedwa imavuta kuigulitsa yathunthu kaamba ka manambala a pa felemu ndi pa buloko. Magiya alibe nambala ya mwini. Conco njila yapafupi kwa wakuba ndi kuiphwasula, ndipo malile ali pafupi mbali zonse, ku Malawi ndi ku Mozambique. Giya yochipa modabwitsa, yowala ngati ya dzulo, wogulitsa osadziwa kumene inacokela, ingakhale ya mnzanu amene munali kuima naye pa siteji mwezi watha. Sitikamba kuti aliyense wa cidebe ndi wakuba, ambili ndi anthu oona mtima amene amagula zakufa poyela. Koma kufunsa n'kwaulele, ndipo woona mtima sakwiya nako.

Pa felemu ya njinga ija tinaonanso caka cake. Nambala ya felemu imakhala ndi zilembo 17. Coyamba cikakhala L ndiye kuti njinga ndi ya ku China, J ndi ya ku Japan. Pa njinga zambili cilembo ca nambala 10 cimaimila caka: A ndi 2010, B ndi 2011, kumapita conco, kulumpha I, O, Q, U ndi Z zimene sizigwilitsidwa nchito poimila caka. Yathu inali F, 2015. Ya ku Chiparamba inali B, ndipo dzina la pa thanki linali lina. Kudziwa caka kumathandiza pofunsa, koma sikunatiuze ngati zitsulo zidzalowa. Zimenezo zinafunika manja.

Amdala anayamba ndi nsonga za mashafuti, pamene banja latsopano limakumana ndi zathu zakale. Anatenga pakati pa kilachi yathu n'kuloweka pa shafuti yoyamba: mizele inagwilizana, kutalika kunakwana. Anatenga sipoketi yathu n'kuloweka pa shafuti yaciwili: inalowa, ndipo inaima pamzele umodzi ndi ya kumbuyo, apo ayi cheni ikanayenda mokhota. Anaona ngati giya ya kiki ilumana bwino ndi inzake. Kenako anaika zonse mu buloko, anatseka ndi gasiketi yakale ndi mabauti ocepa, popanda pisitoni, popanda oilo wambili, n'kuyamba kuzungulitsa ndi zala, giya imodzi imodzi, kukwela ndi kutsika. Shafuti yaciwili inali kuseweleka uku ndi uku kuposa mmene anafunila. Anatsegula, anasintha washa wa kumapeto ndi wina wonenepako pang'ono wa m'banja lathu lakale, anatsekanso. Katatu konse. Pa ulendo wacitatu anakhala cete nthawi yaitali, khutu lili pafupi ndi buloko, ndiye anati, "Manje yavomela."

Pali zinthu zimene anakana kutenga pa salaula olo zinali kuoneka bwino: gasiketi, masilu a oilo, ndi timphete togwila magiya pa shafuti, timene tikatambasulidwa kamodzi sitibwelela mwakale. Mabeling'i nawo tinagula atsopano, ndipo apa pokha nchito inali yosavuta, cifukwa beling'i ili ndi nambala yake pambali, monga 6204, imene ndi imodzimodzi pa dziko lonse kaya yacokela m'njinga, m'cigayo kapena m'pampu. Zinthu zazing'onozi ndi zimene anthu amaumila, cikhalileco ndizo zochipa kwambili pa nchito yonse, ndipo kamphete kamodzi kakamasuka injini itsikanso pansi.

Njinga inabwelela pa mseu kutatsala mlungu umodzi kuti Nc'wala ifike, koma inabwela ndi khalidwe lina. Dilamu yathu yakale inali ya mtundu uja wopondela pansi magiya onse. Yatsopano ndi ya imodzi pansi, zinai pamwamba, nyutulo pakati pa yoyamba ndi yaciwili. Pa njinga ya munthu mmodzi phazi limazolowela pa masiku awili. Pa njinga ya anthu asanu ndi mmodzi ndi nkhani ina, cifukwa phazi lozolowela kuponda pansi kuti liwonjezele liwilo tsopano limatsitsa giya, ndipo kutsitsa giya mwadzidzidzi pa matope n'kugwa. Tinamata pepala pa thanki, tinalembapo ndi zilembo zazikulu, ndipo aliyense anazungulila bwalo la mpila kangapo asanapatsidwe kiyi. Kanyale koonetsa nambala ya giya kanayamba kunama, koma ka nyutulo kali bwino, ndipo n'kamene kali ndi nchito.

Cina cinali mphamvu. Giya yaciwili ya 17 ndi 32 imazungulitsa shafuti yoyamba pafupifupi ka 1.88 kuti yaciwili izungulile kamodzi. Ya 18 ndi 31 ndi 1.72. Pa pepala kusiyanaku n'kocepa, pa citunda tili awili kumamveka. Magiya apamwamba nawo anali otalikilako, abwino pa tala wopita ku Katete, aulesi pa miseu ya kumidzi kumene kuli nchito yathu yeniyeni. Amdala anacotsa sipoketi ya kutsogolo ya mano 15 n'kuika ya 14. Liwilo la pamwamba linatsikako, mphamvu yokwela inabwelela, ndipo palibe wa ife amene anadandaula.

Anatiuza kukhetsa oilo woyamba msanga, pambuyo pa maulendo ocepa, n'kumuyang'ana padzuwa. Kunyezimila kwa fumbi losalala n'kwa zitsulo zimene zikuzolowela nyumba yatsopano. Tizidutswa togwilika ndi zala ndi uthenga woipa. Wathu anali ndi fumbi cabe. Pa oilo pomwepo, amene mumathila wa motoka cifukwa ndiye ali pafupi, dziwani kuti ena mwa iwo ali ndi mankhwala oteleletsa amene amacititsa kilachi yosamba mu oilo kutelela. Pa botolo funani zilembo JASO MA. Ndipo madogi amadyeka msanga ndi zinthu zimene timaona tsiku lililonse pa siteji: kuponda giya mwaukali popanda kilachi, kuponda mwatheka kuti madogi agwile nsonga zokha, waya wa kilachi wosasinthidwa bwino, ndi matumba atatu a cimanga pa njinga ya 125cc.

Cimene cimatidetsa nkhawa n'cakuti zonsezi zili m'mitu ya anthu ocepa. Amdala athu amadziwa kuti dilamu ya mtundu uwu imalowa mu buloko ya mtundu uwo, kuti shafuti ya zaka izi ndi yaitali pang'ono kuposa ya zaka izo, koma palibe pamene zinalembedwa. Mabuku a Honda CG125 yeniyeni apezeka pa intaneti, ndipo amathandiza kuona dongosolo la magiya ndi mawasha. Koma za ana ake a ku China amene adzaza miseu yathu, buku lake ndi anthu amenewa, ndipo anyamata amene akuphunzila kwa iwo ambili amathamangila kukwela honda kusiyana ndi kuikonza, pakuti ndalama ya wokwela imabwela tsiku lomwelo. Ife tinagula kabuku ka sukulu, tinalembamo mano a giya iliyonse ya banja lakale ndi latsopano, caka ca njinga zonse ziwili, kunenepa kwa washa uja, ndi zithunzi tinasunga m'foni. Kabukuko tinakasiya ku galaji, pa msomali pafupi ndi masipana. Pamene tinapitako posacedwa tinapeza masamba anai ena atalembedwa ndi dzanja la mnyamata wawo wophunzila, za Boxer ina ndi honda ziwili za ku China, zala za oilo zili m'mbali monse.

Zotsala za banja lathu lakale sizinatayidwe. Giya yacitatu ndi inzake zinali zabwino, shafuti ya kilachi ndi mano ake 13 a giya yoyamba inali yabwino, foloko imodzi inali yowongoka. Amdala anazimanga pamodzi ndi waya kuti zisasiyane, anamangililapo kakatoni kolembedwa 2015 ndi 17/32, anaticotselako pang'ono pa ndalama ya nchito, n'kuziponya m'cidebe pansi pa benchi.